Zipolopolo Zotchipa za Mkamwini Wanga

Tinanyamuka pa Luwanda Loweruka m'mawa dzuwa lisanayambe kuluma, ine ndi Che Bwanali. Kwa inu amene simundidziwa, ine ndine Sajeni Saphonya wa ku Machinjiri, msilikali wakale. Dzina limenelo sindinadzipatse ndekha ayi. Anandipatsa anzanga ku usilikali ataona kuti chimene ndaloza ndi mfuti chimagwa basi. Che Bwanali ndi telala wa pakhonde la golosale pomwe timasewerera bawo, ndipo munthu ameneyu wakhala akukayika dzina langa kuyambira tsitsi lake likadali lakuda.

Ulendowu unabwera chifukwa cha mkamwini wanga, bambo a Tamanda, amene anakwatira mwana wanga wachiwiri. Kwawo ndi kumpoto, amakhala ku Chilomoni, ali ndi shopu ya mankhwala. Akuba atamuthyolera kawiri, anakatenga chilolezo cha boma chosungira pisitolo, mapepala onse ali m'malo mwake. Koma mfuti ukapanda kuizolowera ndi chitsulo chabe, ndipo zipolopolo zake zinakwera mtengo koopsa. Ndiye kwa ogulitsa ovomerezeka anapezako zina zotchipa, mtengo wake pafupifupi theka la zinazo. Anandiimbira foni: "Adada, inu zinthu izi mumazidziwa. Bwerani mudzaziyese ku renji, kumalo ophunzirira kuwombera, tione ngati munthu angamaphunzirire zimenezi."

Foniyo ndinayankhira pabawo, ndipo ine ndikamayankhula anthu amamva. Che Bwanali anasiya makina.

"Nane ndikupita," anatero. "Mukakaphonya, Sajeni, dzina lija likatsala komweko. Pano tizidzakutchulani kuti Sajeni Phokoso."

Anthu onse pabawo anavomera kuti zikhale choncho. Ine ndinati tiyeni, mukaone ndi maso anu otungira singanowo.

Minibasi ya m'tauni inali K1,500 munthu mmodzi. Ndinapereka K2,000, kondakitala n'kundiuza kuti, "Madala, chenji palibe, tionana kutsogolo." Mawu amenewo ndimawadziwa. Kutsogolo kwakeko sikufika. Anatipanikiza anayi pampando wa atatu, ine mwendo wina uli pa thumba la makala, Che Bwanali chisoti chake chikukhula denga.

Titayamba kudumpha mabampu a ku Makhetha, Che Bwanali anandifunsa chinachake chapansipansi. Anthu a masiku ano amayankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Ndinati bwerezani.

"Ndikuti, mfuti munaigwira komaliza liti?"

"Zimenezo zilibe ntchito!" ndinayankha. "Lero zipolopolo zilipo mabokosi awiri. Ndikangoloza, pakati penipeni, phaa!"

Minibasi yonse inangoti zii. Mayi wina amene anafungata dengu la tomato anasendera kuwindo. Dalaivala anatsitsa wailesi. Kenako ndinangoona dzanja la kondakitala likubwera, K500 ili m'menemo, dzanja linalo atagwirizira pachigongono ngati mwana woleredwa bwino.

"Madala, chenji chanu ichi. Ndinangoiwala."

Che Bwanali anaseka mpaka kutsokomola. "Musaope abale, akukawombera pepala awa. Pepala chabe."

Mayi wa tomato uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Nanga pepalalo lakulakwirani chiyani, agogo?"

Apo ndiye anthu anamasuka, wailesi inabwerera.

Pa msika wa Ndirande tinaima nthawi yaitali. Galimoto, njinga zamoto, mawilibala, onse akulimbirana kamsewu kamodzi. Ndinagula chimanga chootcha cha K500 ija kudzera pawindo, n'kumuthyolera mnzangayo mbali yakumchira. Mdani wako wa pabawo umamudyetsa ndithu, koma osati mbali yabwino.

Tinatsikira pa Mibawa cha m'ma 9 koloko. Oitanira anatigwira mikono, wina kukokera ku Zingwangwa, wina ku Bangwe, ngati ndife mbuzi zopanda mwini. Ndinangoti, "Chilomoni!" kamodzi kokha, onse anatisiya, ndipo minibasi ya Chilomoni inabwerera chafutambuyo kudzatitenga. Imeneyo inali K1,000. Che Bwanali anagula zigege zothira tsabola wambiri n'kundipatsako. Ndinakana. Ndinadziwa nzeru yake: ankafuna ndikafike kumeneko maso akutuluka misozi.

Pa Nthukwa tinapeza mkamwini akutidikira ndi galimoto yake. Mwana ameneyu ulemu ali nawo. Anatsika, anawerama, anandipatsa moni ndi manja awiri: "Monire adada." Mkazi wake, mwana wanga uja, anatumiza thobwa m'botolo, tinamwera m'galimoto momwemo. Tinasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wolowera cha kumapiri, galimoto ikukhula mimba pamiyala, mkamwini akuluma mano nthawi iliyonse ikakhula.

Renjiyo ili pachigwembe pomwe kale ankakumbapo miyala. Kutsogolo kuli chikhoma chadothi chachitali, kumbuyo kuli kashedi kamalata ndi tebulo. Woyang'anira ndi mayi wina wamfupi, wapolisi wopuma, amene onse amangomutchula kuti Madamu. Anaona mapepala a mkamwini, anatilemba maina, kenako anayamba malamulo: mfuti iziloza kutsogolo nthawi zonse, chala chisakhudze thiriga usanakonzeke, munthu asapite kumapepala mfuti isanakhutulidwe n'kuikidwa patebulo.

Ndinati, "Mayi, malamulo amenewo ine ndinawadziwa inu musanabadwe."

"Ndiye simuvutika kuwatsata, bambo," anayankha osandiyang'ana n'komwe. Ndinamukonda pomwepo. Ameneyu akanakhala sajeni wabwino.

Mkamwini anatsegula mabokosi awiri aja. Zodula zinali zonyezimira, mutu wake wokutidwa ndi chitsulo chofiirira, zokongola ngati ndolo. Zotchipa zinali za mutu wotuwa wa mtovu, wopakidwa zinthu zonga phula, ukagwira zala zimada. Bokosi lake linali lolembedwa chiyankhulo chimene ngakhale Che Bwanali, amene amadzitama ndi kuwerenga nyuzipepala, anangolitembenuza kawiri n'kulibweza.

Poyamba mkamwini anawombera zotchipazo papepala loyeserera kuti dzanja litenthe. Abale inu, utsi! Kunangoti mbuu ngati wina akuwotcha zinyalala, fungo lake ngati la machesi onyowa. Koma zinkalira bwino, chimodzi pambuyo pa chinzake. Pakati pake chimodzi chinakana, chinangoti tche. Mkamwini anafuna kutembenuka kuti atifunse, mfuti ili m'manja. Ine ndi Madamu tinakuwa pamodzi, koma amene anamveka ndi ine: "Lozani kutsogolo!" Chipolopolo chokana sumachikhulupirira msanga, china chimakhala chikungochedwa kudzuka. Mkamwini anadikira, kenako Madamu anachitulutsa n'kuchiponya m'chitini chake. M'bokosi lonse lomwe tinamaliza tsikulo, chokana chinali chimenecho chokha.

Tsopano inafika nthawi imene Che Bwanali anakwerera minibasi ziwiri. Madamu anakakhoma mapepala awiri atsopano pathabwa limodzi, moyandikana. Pangano linali lakuti mfuti ndi imodzi yomweyo, mkamwini awombere zodula zisanu papepala lake, ine zotchipa zisanu papepala langa, tikamaliza tonse tikaone. Patali pamenepo mabowo saoneka, umangoona kadontho kakuda ka pakati.

Mkamwini anayamba, atagwira ndi manja awiri, atakhwinyata ngati akusenza thumba la simenti. Anamaliza. Ine ndinali nditavala kale zotseka m'makutu zimene Madamu anatipatsa, zikuluzikulu ngati zivindikiro za mapoto. Madamu ananena chinachake, milomo ndinaiona ikuyenda, n'kuloza ndi chibwano cha kumapepala. Ndinagwedeza mutu. Msilikali safunsa kawiri.

Ndinaima mmene anatiphunzitsira kale: chammbali, dzanja limodzi, linalo m'chiuno. Mfuti itangokhala m'dzanja, zaka zonse zija zinachoka. Ndinapuma, ndinatulutsa mpweya pang'ono, ndinafinya. Phaa! Kasanu, mosathamanga. Chilichonse chinachoka bwino, ndinachimva m'mkono. Ndinaika mfuti patebulo n'kumuyang'ana Che Bwanali kudzera mu utsi.

Tinayenda kupita kuthabwa. Madamu anafika papepala lakumanzere n'kulizula. "Lanu ili, bambo."

Loyera. Loyera mbee ngati langochoka m'sitolo. Ngakhale kabowo ka chiswe panalibe.

Che Bwanali anavula chisoti n'kuyamba kuvina, munthu wamkulu, wa zidzukulu. "Sajeni Phokoso! Sajeni Phokoso wafika!" Anatulutsa foni kuti aimbire a pabawo. Kenako anandigwira paphewa ngati wachifundo. "Namizirani zipolopolo, achimwene. Ndi zotchipa izi. Nenani kuti zimakhota, ine ndikakuchitirani umboni theka."

Ndikuuzeni zoona, manyazi anandigwira. Dzina la zaka zonsezi, lothera pachigwembe cha ku Chilomoni, pamaso pa mkamwini! Njira yothawira inali pomwepo, Che Bwanali atanditsegulira yekha. Koma ndinati ayi. "Zipolopolo zilibe mlandu. Zachoka bwino m'dzanja langa. Ine sindinamizira chinthu chimene chagwira ntchito yake."

Nthawi imeneyo mkamwini anali papepala lakumanja, akusangalala. Pakati pake panali ponyenyeka, mabowo ataunjikana malo oti ungaphimbe ndi chivindikiro cha botolo la jamu. "Mwaona, adada? Zodula ndi zodula ndithu!" Anamwetulira mpaka mano onse kuoneka. Kenako kumwetulira kuja kunayamba kuchepa. Ndinamuona akuyendetsa chala papepala, milomo ikuwerenga. Anawerenganso kachiwiri. Akanatha kungolipinda pepalalo n'kuliika m'thumba, palibe akanadziwa.

"Madamu," anatero, "ine ndinawombera zisanu. Apa mabowo alipo asanu ndi anayi."

Madamu anabwera, anayang'ana, kenako anatembenukira kwa ine. "Bambo, inu mumaloza pepala liti?"

"Ilo, lomwe linali kutsogolo kwanga."

"Ndinakuuzani kuti lanu ndi lakumanzere."

"Munanena chapansipansi, mayi."

"Ndinakuwa, bambo. A kumudzi uko anamva."

Che Bwanali sanagonje. Telala sagonja msanga, anazolowera kukangana ndi makasitomala. "Chabwino, analasa pepala la eni. Nanga tidziwa bwanji kuti apakatiwo ndi awo? Mwina a Sajeni ndi awa am'mphepetewa, omwazikana ngati nkhuku zaona kabawi."

Funso linali labwino, ndikuvomera. Madamu anakatenga pepala loyeserera lija, lomwe linalasidwa ndi zotchipa zokhazokha, n'kuliika pambali. Bowo lililonse pamenepo linali ndi mkombero wakuda, ngati kunsi kwa mphika wa pankhuni. Ndiwo mtovu ndi phula lija, chipolopolo chimapukutira papepala polowa. Kenako analoza pepala la mkamwini. Mabowo anayi am'mphepete anali oyera bwino, aukhondo, a zipolopolo zodula, chachisanu chinapita kukalima dothi. Asanu apakati onse anali ndi mkombero wakuda bii. Anapaka chala pa limodzi n'kumuonetsa Che Bwanali mwaye wake pafupi ndi mphuno.

Foni ya Che Bwanali inali italumikizika kale, mawu a anthu a pabawo akumveka kuti, "Zatha bwanji? Zatha bwanji?"

"Alo," anatero mnzangayo, mawu atachepa. "Dikirani kaye. Ayi, sanaphonye. Komanso pepala lawo sanalase. Tidzafotokoza tikafika."

Tisanachoke ndinamukhazika mkamwini pansi kuti atsuke mfuti ine ndikuona. Tinatha nsanza zitatu, zonse zakuda ngati tapukutira mbaula. Ndinamuuza malangizo anga, amene ndikukuuzani inunso amene muli ndi chilolezo. Zotchipazi zophunzirira papepala zili bwino, gulani. Ndalama yomweyo muwombera kawiri, ndipo dzanja limaphunzira ndi kuchuluka, osati ndi kunyezimira. Zimapita kumene mwaloza. Koma zimadetsa, muzitsuka tsiku lomwelo, ndipo popeza chimodzi chinakana, zimene mukusungira kuteteza shopu zikhale zodula zija. Mkamwini anati wamva. Anatinso aziyeserera mwezi uliwonse, chifukwa mabowo ake anayi aja anamuchititsa manyazi. Anapinda pepala lija bwinobwino n'kundipatsa ndi manja awiri. "Ndi lanu ili, adada. Ine ndinangokongoletsa m'mphepete."

Pa Nthukwa anatigulira tchipisi cha pachiwaya ndi nyama ya mbuzi. Apo tsabola ndinathira, ntchito inali itatha. Pobwerera Che Bwanali ankangosisita chibwano kuchokera pa Mibawa mpaka Makhetha. Ankaganiza, ndipo telala akamaganiza pamakhala kanthu.

Tinafika pabawo dzuwa litapendeka, anthu atadzaza khonde lonse. Ndinatambasula pepala pamwamba pa bawo lenilenilo. Che Bwanali anafotokoza zonse mwachilungamo, za utsi, za chokana chija, za mikombero yakuda. Pomaliza anati, "Phokoso lagwa, sindikana. Koma dzina lakale silingabwerere lokha, chifukwa pepala lawo likadali loyera. Kuyambira lero awa ndi Sajeni Saphonya Zaeni."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira mizati. Ine ndinalitembenuza dzinalo m'mutu, ndinaona kuti Saphonya akadali kutsogolo, ndinati ndalandira.

Chimene ndinaphunzira pa ulendowu ndi chakuti chinthu chotchipa usachinyoze chifukwa cha kuda kwake. Zikanakhala zaukhondo ngati zodula zija, lero bwenzi ndili Phokoso. Chinanso, zotseka m'makutu muzivala akamaliza kuyankhula. Pepala la mabowo lija mukafuna kuliona lili pakhoma, pamwamba pa makina a Che Bwanali. Analikhoma okha ndi mapini awo, ndipo aliyense wobwera kudzasoketsa buluku amayamba wamva nkhani yonse, ndi mawu okweza kuposa anga.