Khoka la Ababa pa Kaliyala ya Landirova

Ndikukumbukira chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Sinaume tsiku limodzi. Inkabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, n'kumasiya thope lakuda lomwe linkang'aluka ngati zidendene za munthu wosavala nsapato. Padoko pathu, kwa Mwambo, mabwato anagona cham'mbali pamtunda. Wofuna kupita kuchilumba cha Chisi ankakankha bwato m'matope ofika m'mawondo. Mphepo ikaomba kuchokera kum'mawa, mudzi wonse unkanunkha milamba yofa.

Ababa, Che Amadu, anali msodzi, ndipo chuma chawo chinali chimodzi chokha: khoka la nayiloni. Analigula atagulitsa njinga ndi mbuzi zonse za pakhomo. Kamunda kathu ka mpunga sikankawerengedwa, chifukwa nako kankadalira madzi omwewo. Kunyanja kusiyana kwa anthu kunali kosavuta kuona. Mwini khoka ndiye mwini nsomba. Wopanda khoka amakokera la mnzake tsiku lonse, n'kulandira kambale ka matemba.

Asodzi ambiri anali atasamukira kale ku nyanja ya Malombe, kumene madzi analiko. Ababa anachedwa poyembekeza kuti mwina zinthu zisintha. Dzuwa la Okutobala litafika, anagonja. Anapangana ndi amayi kuti ababawo atsogole ndi khoka, akapeza pokhala adzawaitane. Ine anati akandisiya ku Songani kwa azakhali, kuti pakhomo pachepe pakamwa pamodzi.

Galimoto yokhayo yomwe inkalimba mtima kufika padoko inali landirova yakale ya a Mofati, bambo wachilomwe amene ankanyamula nsomba ndi anthu kupita kumisika. Kumbuyo kwake kunali mabenchi awiri ndi tenti. Pamwamba panali kaliyala yachitsulo yochita kuwotcherera, yokhala ndi mpanda waufupi kutsogolo ndi m'mbali. Mpanda wa kumbuyo unathyoka kalekale, ndipo palibe amene anaubwezeretsa.

A Mofati anali ndi kapakiridwe kawo. Cholemera chinkakhala pakati, chopepuka m'mphepete, ndipo chilichonse ankachimanga ndi malegeni, mphira zija amadula ku machubu akale a galimoto. Khoka lathu, lopindidwa bwino n'kukulungidwa m'ziguduli, analikweza amuna atatu. Poti linali lalikulu, linatenga pakati mpaka kumbuyo kopanda mpanda kuja.

"Che Amadu, patukani ndimange," anatero a Mofati, malegeni ali paphewa.

"Ndi zimenezo? A Mofati, khoka si mtolo wa nkhuni. Kamangireni nkhuku zanu."

"Nkhuku zangazo sizinagwepo pamsewu."

"Nanga khoka langa munamva kuti linathawapo? Mwera wa pa Chilwa pano unalephera kumasula mfundo yanga. Ndiye ingamasule galimoto yanuyi, yoyenda mokhosomola ngati nkhalamba?"

Anthu anaseka, a Mofati nawo anaseka. Ababa anatulutsa chingwe chawo cha khonje, chokhuthala ngati chala chachikulu cha kumanja, n'kundiitana.

"Asiyatu, kaviike m'ndowa. Chinyowe chonse."

Amayi anang'ung'udza, chifukwa madzi a m'ndowamo anali atawatunga kutali. Koma chingwe chinaviikidwa. Kwa ababa, chomangira chilichonse chinkayamba chamwa madzi. Luzi lomangira nyumba amaliviika kuti lifewe, ndipo likauma limagwira kwambiri. Zingwe za pabwato nazo zimakhala zonyowa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mfundo zake zolimba ngati mwala. Moyo wawo wonse ababa anali asanaonepo chingwe chonyowa chikuwakhumudwitsa.

Anakwera pamwamba, namanga mopingasa, kenako m'litali. Ankaponda khoka ndi phazi, n'kukoka chingwe mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Madzi ankadontha pagalasi. Atatsiriza anachimenya ndi chala, chinalira ngati ng'oma.

A Mofati anachigwedeza, nagwedezanso mutu wawo. "Mwamanga, sindikukana. Katundu ndi wanu. Koma pakamsika ka pamango paja ndikaima, mukakwere mukakungenso. Msewu uwu umakhwefula chilichonse."

"Mukaime ndithu, mukaone kuti palibe chokunga," anayankha ababa.

Tinanyamuka dzuwa litakwera. Msewu wochokera kunyanja nthawi imeneyo unali wa fumbi ndi mabampu okhaokha. Galimoto inkanjenjemera moti mano ankagundana. Fumbi litayamba kulowa, akuluakulu anatsitsa tenti ya kumbuyo n'kuimanga. Tinakhala mumdima wotentha, wonunkha petulo ndi nsomba zouma, osaona chilichonse chotsalira m'mbuyo mwathu. Kutsogolo tinkaonako kudzera pakawindo ka kumsana kwa dalaivala.

Pakawindo pamenepo ndi pamene tinaonera malaya ofiira. Pansi pa mango paja, pomwe a Mofati ankaima masiku onse, panali anyamata a chipani, akuimitsa aliyense wolowa mumsika kuti aonetse khadi. Masiku amenewo munthu wopanda khadi la chipani sankagula ngakhale mchere, ndipo akamupeza m'galimoto ankatha kumutsitsa. A Mofati anayamba kuchepetsa liwiro.

"Adalaiva, chonde musaime," anatero mayi wina amene anali ndi mwana pamiyendo. "Ine ndilibe. Mwanayu akudwala, tikupita kuchipatala."

"Ifenso tilibe, achimwene," anatero mkulu wina pakona.

A Mofati anacheukira pakawindo. "Che Amadu, mwamva. Khoka ndi lanu. Ndiime?"

Ndinkadziwa kuti khadi la ababa linali la chaka chatha. Nsomba zitasowa, ndalama yogulira latsopano inapita ku ufa. Anayang'ana mayi uja, nayang'ana kudenga kwa galimoto ngati angaone khoka kupyola chitsulo.

"Pitirirani," anatero. "Ndamanga ndekha."

Tinadutsa. Anyamata aja anali otanganidwa ndi amayi a madengu, sanatilabadire. M'galimoto anthu anapuma, wina mpaka anayamba nthabwala. A Mofati sanaimenso pena paliponse, poopa kuti midzi ya kutsogolo ingakhalenso ndi malaya ofiira.

Pa Songani ndinatsika ndine woyamba, miyendo itachita dzanzi. Ndinayang'ana pamwamba. Madengu a eni ake analipo, omangidwa ndi malegeni. Mkeka wathu unalipo. Pakati panali pambalambanda.

Chimene sindidzaiwala ndi chingwe. Sichinaduke. Mfundo zonse zinali m'malo mwake, monga momwe ababa anazimangira. Koma chinali chitauma gwa, chikulendewera pakaliyala, chotakasuka moti a Mofati analowetsa mkono wonse pansi pake popanda kuchikhudza.

"Khonje ndi choncho," anatero motsitsa mawu. "Akanyowa amafupika. Akauma amatamuka. Dzuwa ili ndi mphepo ya pamwambapa, ndiye khoka nalo limatsendereka ndi mabampu. Latsetserekera kumbuyoku." Anatulutsa mkono pansi pa chingwe. "Ndinaona madzi akudontha pagalasi, koma ndinati tikakunga pamango paja. Pepani, Che Amadu."

Ababa sanakalipe. Anamasula mfundo imodzi ndi imodzi, modekha, nakulunga chingwe pamkono. Anapempha a Mofati kuti abwerere. A Mofati anawaonetsa kuti petulo watsala wongofikira ku Zomba, komanso mayi wa mwana wodwala uja anali akudikira m'galimoto. Ababa anandiperekeza kwa azakhali, anamwa madzi, nabwerera wapansi kutsata msewu umene tinadzera.

Anabwerako patapita masiku, mapazi atatupa. Anati anafunsa mudzi ndi mudzi. Aliyense ankawalandira mwaulemu, kuwapatsa mpando, koma palibe amene anaona kanthu. Pamudzi wina anapeza ana akusewera mpira wa masanza wokulungidwa ndi ukonde wa nayiloni. Anazindikira zigamba zawo, chifukwa msodzi aliyense amadziwa masokedwe a dzanja lake. Atafunsa, ana anathawa. Kuseri kwa nyumba ina anaona khola la anapiye lotchingidwa ndi ukonde womwewo. Khoka linali litadulidwadulidwa n'kugawanidwa. Chaka chimenecho njala inali paliponse, ndipo chogwa pamsewu chinkakhala cha wotola.

"Ndiye simunawatengere kwa amfumu, achimwene?" anafunsa azakhali.

"Kuti andibwezere chiyani, chemwali? Mpira?"

Ku Malombe sanapitenso. Kumeneko wopanda khoka akanangokhala mlendo wopempha ntchito pakati pa alendo anzake. Analowa ntchito pa esiteti ya fodya, kumene anakhala zaka zingapo akusoka masamba ndi kudula nkhuni. Amayi anatsala kumudzi akupsa ndi dzuwa m'minda ya eni. Ine ndinakulira kwa azakhali. Banja lathu silinadzakhalenso pansi pa denga limodzi kwa nthawi yaitali.

Nyanja inabwerera. Mvula itagwa bwino zaka zotsatira, madzi anafikanso padoko, matemba anachuluka, ndipo amene anasamukira ku Malombe anabwera ndi makoka awo, ena awiriawiri. Ababa nawo anabwerera, koma chimanjamanja, msana utapindika. Kukoka sakanathanso. Ankakhala pamthunzi n'kumasoka makoka a anthu amene kale ankawakokera lawo.

Pantchito yanga ya utolankhani ndakwera magalimoto ambiri a m'misewu ya fumbi, ndipo malamulo a kaliyala ndimawadziwa. Cholemera chikhale pakati. Kumbuyo kukhale kotchinga. Chingwe chikhale chouma. Ukayenda pang'ono, ima, kwera, kunganso. Ndi zinthu zoti munthu angaphunzire pa nthawi yomwera kapu ya tiyi, koma ife tinaziphunzira ndi khoka lathu.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti phunziro lake ndi lakuti munthu azimvera malangizo. Lero sindikhulupiriranso kuti n'lophweka choncho. Ababa sanachite ulesi. Anamanga ndi mphamvu zawo zonse, ndi luso lonse limene anali nalo. Koma luso lawolo linali la pamadzi, ndipo madzi atachoka linatsala pamtunda ngati mabwato aja. Pamalo amodzi okha pamene cholakwacho chikanakonzedwa, panaima anthu amene tinkawaopa kuposa njala.

Ulendo womaliza umene ndinawaona ali ndi mphamvu, ndinawapeza padoko akusoka khoka la mwana wa mnzawo. Pambali pawo panali chitini cha madzi. Asanamange mfundo iliyonse, ankayamba aviikamo ulusi. Ulusiwo unali wa nayiloni, wosamwa madzi n'komwe. Ndinakhala nawo pansi, n'kuwagwirira mbali ina ya khokalo.