Kabotolo kanga kosatha

Chaka chomwe malire anatsekedwa chifukwa cha Covid, ine ndinkagwira ntchito mulabu ina mumzinda wa Perth, kutsidya kwa nyanja, kuyeza chimbudzi cha makanda. Musaseke, ndi ntchito. Tinkafufuza ngati tizipangizo tina toyezera mwachangu rotavirus, kachilombo kotsegula ana m'mimba, timanena zoona. Umasungunula chimbudzi ndi madzi a m'kabotolo, n'kudonthezera pa kachipangizoko, n'kudikira mizere. Kenako makina aakulu amayezanso chimbudzi chomwecho kuti tione ngati zikugwirizana. Tizipangizoto tikanapezeka tabwino, tikanatumizidwa kuzipatala zakumudzi, ngati chomwe ndinagwirako zaka zambiri ndisanabwere kuno.

Zanga sizinkagwirizana. Ine ndalemba kuti mwana alibe, makina akuti ali nako. Kamodzi, kawiri, mpaka ndinaleka kuwerenga.

Ndinayamba ndi kukayikira kampani yopanga tizipangizoto. Ndinati eya, ndi zomwe zija, zabwino amasunga kwawo, zinyalala n'kutitayira ife. Ndinkatukwana chamumtima m'basi kuchokera ku Morley mpaka ku Balga, pakamwa nditaphimba ndi masiki. Kenako ndinamva kuti mnzanga wa ku Zambia, bambo wofatsa amene ankalowa masana ine ndikaweruka, zake zinkagwirizana bwinobwino. Aaa! Bokosi lomwelo? Ndinati ameneyu akusuzumira zotsatira za makina asanalembe, palibenso china. Ndinayamba kuika tsitsi langa pachivundikiro cha faelo ya zotsatira za makina kuti ndione ngati amatsegula. Inde, ine mayi wamkulu, wa Chigwirizano kutchalitchi, ndinachita zimenezo.

Abwana athu, mayi wachizungu, ankangondifunsa mwaulemu ngati magalasi anga akuona bwino masiki ikawachititsa nthunzi. Ulemu umenewo unkandipsetsa mtima kuposa chipongwe. Ndinalemba lipoti loti tizipangizoto ndi tabodza, tisatumizidwe kwathu, ndipo ndinatsala pang'ono kulipereka.

Tsiku lina ndinachedwa dala kuweruka kuti ndimugwire mnzangayo. Iye analowa, n'kundipatsa moni, n'kunyamula kabotolo ka patebulo panga kukayang'ana pawindo.

"Imwe amai, ka botolo kanu sikasila bwanji? Ine nasiliza tubili."

Ankadabwa kuti kabotolo kanga sikatha pomwe iye watha tiwiri. Ndinamuyankha monyada kuti ine sindiwononga zinthu. Kwathu madzi amenewa amatha tizipangizo tikadali mbwee m'bokosi, ndiye umathira theka la zomwe pepala lanena kuti akwanire onse ali pamzere. Ndikulankhula choncho, ndinazindikira pomwe panali vuto. Madzi akachepa, chimbudzi chimakhala cholimba, sichiyenda bwino, mzere suoneka. Dzanja langa linkaumira lokha, ine osadziwa n'komwe. Manyazi anandigwira, ndinachotsa katsitsi kaja pafaelo iye akuona.

Ndinang'amba lipoti lija, n'kubwereza zonse motsatira pepala. Zambiri zinagwirizana. Koma mtima sunakhale pansi, chifukwa tizipangizoto tinkapita kwa anthu a manja ngati anga.

Loweruka masana ndinaimbira mng'ono wanga, namwino pachipatala chomwe ndinachisiya chija. Iwo amayeza malungo tsiku ndi tsiku, ndi kabotolo kofananako. Kumbuyo kwake ndinkamva makanda akulira pamzere. Ndinamufunsa kuti amathira madontho onse amene pepala limanena kapena ayi.

Anaseka. "Onse? Asisi, mwaiwala kwanu? Timathira theka, ngati mmene munatiphunzitsira inuyo. Ngakhale atsopanowa ndawaphunzitsa choncho."