Zilembo za Timapazi

Apongozi anga aamuna agwira ntchito yosindikiza zaka makumi anayi, ndipo inki ya m'zikhadabo zawo inakana sopo kalekale. Madala amenewa sadutsa chikwangwani osachipezera chifukwa. Mukamayenda nawo mumsewu muzikonzekeratu kuchita manyazi.

Mtima wawo uli pa zilembo zachikale zija, za timapazi kunsi ndi tizipewa kumwamba, kwina zonenepa kwina zowonda. "Izi ndiye zilembo, apongozi," amandiuza. "Timapazito timagwira mzere, diso limangoyenda lokha. Zinazi n'za pa zikwangwani za basi."

Chaka chino maso a akazi awo anayamba kuchita nkhungu. Mayiwa akhala akuwerenga mawu kutchalitchi kuyambira ine ndisanakwatiwe. Mwamuna wanga, pofuna kuthandiza, anawasindikizira ndime pa kompyuta, zilembo zowonda ngati miyendo ya udzudzu. Lamlungu limenelo apongozi aakaziwo analumpha mzere, kubwerera, kulumphanso, mpaka mayi wina anawalandira pepala. Titafika kunyumba anangoti, "Basi, ine ndasiya. Sabata yamawa apeze wina." Ine zinandiwawa kwambiri.

Madala anadzambatuka pampando. "Wasiya ndani? Vuto si maso, ndi zilembo!"

Lolemba anatsegula chipinda chakuseri, kupukuta makina akale, kusolola madilowa a zilembo zachitsulo. Ankatola chimodzichimodzi n'kuchiika chozondoka, pakati pa mizere n'kulowetsa kachitsulo kopyapyala kuti mizereyo italikirane. Uku akuimba, anthuni! Chakudya chinazizira kawiri. Pepala loyamba analing'amba chifukwa chilembo chimodzi chinali chothyoka phazi. Lachitatu anatuluka atanyamula pepala lina ndi manja awiri ngati khanda.

"Amayi, tayesani."

"Musandivutitse, abambo."

"Mzere umodzi wokha."

Mayi aja sanayese. Analandira pepalalo n'kuyamba kulipinda.

"Osapinda!" anakuwa madala, mpaka galu panja anauwa.

Lamlungu palibe ankadziwa ngati mayi aja aimirire kukawerenga. Nthawi yowerenga itakwana kunangoti zii. Kenako benchi inalira. Mayi aja anapita kutsogolo, kutambasula pepala, n'kuyamba. Mzere woyamba bwinobwino. Wachiwiri, wachitatu, mawu akukwera, chala osalozera n'komwe. Madala anali atagwira bondo la mwamuna wanga, milomo ikuyenda limodzi ndi akazi awo. Mayiwo atamaliza vesi lomaliza, madala anaimirira n'kuomba m'manja okhaokha, tchalitchi chonse kutembenuka. Ine manyazi sanandigwire tsiku limenelo, misozi ndi imene inandigwira.

Tili panja, mayi aja anawayang'ana amuna awo mwaukali wabodza.

"Mwandichititsa manyazi, abambo. Sabata yamawa ndi mavesi makumi atatu, mwamva?"

"Makumi atatu!"

Madala anavula jekete pomwepo, kundipatsa ine, n'kuuyatsa wa kunyumba akupinda manja a malaya.