Ndinapopera Mbatata Ndili M'tulo

Inu owerenga, ndikamadutsa pamunda wa amalume anga ndimafuna kudzilavulira ndekha. Mbatata yawo ndinaiwotcha ine, ndi manja angawa, chifukwa chonyoza tulo.

Sukulu ndinalekezera setima, kalasi yachisanu ndi chiwiri. Nditagula foni ku Tsangano, ndinamva wina m'kavidiyo akuti anthu ochenjera sagona usiku wonse, amangoba tulo pang'onopang'ono. Ndinati eya, ameneyo ndine. Zoona, usiku mutu wanga unkathwa. Ndinkakhala maso mpaka tambala, kuonera kakonzedwe ka njinga zamoto, masana n'kukadzigwetsa pansi pa ngolo. Koma m'mawa ndinkayenda ngati nkhuku yachitopa. Wondidzutsa ndinkamutukwana. Mlongo wanga ndinamugenda ndi chikho chifukwa chosinja ine ndikugona.

Amalume, amene akutisunga chimwalirireni bambo, amagula mankhwala a kumunda opima pamsika, m'timabotolo ta zakumwa topanda dzina. Ka mankhwala opha udzu amakamanga kansanza kofiira pakhosi. Kopha nsabwe za m'masamba samanga kanthu. Pakhomo aliyense amadziwa zimenezi.

Tsikulo anandigwedeza m'mamawa, poti kupopera kumafuna mphepo isanayambe. Ndinali nditangogona kumene.

"Mphwanga, bomba yopopera ndi iyo, nsabwe zachuluka. Koma uli maso iwe?"

"Ndamva! Ndine mwana ngati?"

Ndinasakaniza, ndinapopera mizere yonse, n'kubwerera kukagona. Kansanzako ndinakagwira ndithu, ndinachita kukamasula kuti nditsegule botolo. Mutu uja ndinkautama sunandiuze kanthu.

Patapita masiku, mbatata yomwe inali itayamba maluwa inachita chikasu, n'kugwa, munda wonse fungo lokhalokha. Ine ndinaumirira kuti ndi matenda a chiwawu, mpaka kukalipa. Amalume sanakweze mawu. Anangopisa m'thumba la jekete yanga yakumunda n'kutulutsa kansanza kofiira.

Munda umenewo ndiwo umatidyetsa. Lero amalume, munthu waimvi, akupalira m'minda ya eni ku Ntengo-Wambalame kuti ine, chitsiru chamaso ofiira, ndidye. Zimandinyansa.

Anyamata anzanga, kaya mutu wanu umagwira usiku, ntchito ya kumunda ndi ya m'mawa, ndipo imafuna munthu wogona mokwanira. Ngati simunagone nenani, musagwire bomba. Ine kansanza kaja ndinakamanga pafoni. Kukada ndimakayang'ana, n'kuzimitsa.