Kope Nalo Limavala

Lolemba la sabata yatha mwana wanga Tadala anafika kuchokera kusukulu atanyamula kope lake ngati nkhuku yodwala. Mvula inamupeza panjira, ija imatsika m'phiri la Zomba popanda kuodira. Kope la masamu linali litasanduka phala. Chikuto chinatsalira m'chikwama, masamba ali m'manja.

"Adadi, amadamu akuti aliyense abwere ndi makope okavala. Lopanda kavala sachonga."

Ndinati chabwino, tikonza. Ndi mawu amene ndazolowera kunena msanga masiku ano, ndisanadziwe n'komwe kuti tikonza bwanji.

Inu amene mumawerenga tsamba lino sabata ndi sabata mukudziwa kuti sindikonda kulemba za m'nyumba mwanga. Lero mundilole. Mkazi wanga Esinati anatisiya chilimwe chathachi, ndipo ntchito ya makope inali yake.

Makope a chikuto cholimba sitinkagula. Esinati ankasonkhanitsa masamba otsala m'makope a chaka chatha, kuphatikizapo mapepala olembedwa mbali imodzi amene maofesi a m'tauni muno amataya. Ankaboola ndi msomali n'kusoka ndi ulusi wa thumba la feteleza. Katoni ankapempha m'sitolo ina ya amwenye pafupi ndi msika, makamaka ya sopo, chifukwa ndi yopyapyala koma siipindika wamba. Ankadula zidutswa ziwiri zokulirapo pang'ono kuposa masambawo, n'kusiya mpata wa chala pakati kuti kope likhale ndi msana. Guluu wake anali phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa, lothira kadontho ka palafini kuti mphemvu zisachitepo phwando. Pamwamba ankamata nsalu. Akatero ankatsindira ndi thumba la chimanga mpaka ziume.

Kope lotero limatha chaka. Likagwa m'matope, mumangopukuta. Ngakhale kabuku kake kolembamo masiku a sikelo ndi a kwaya kanali kopangidwa choncho.

Ndinamuonerera kokwanira moti manja anga anakumbuka. Lachiwiri ndinakapempha katoni, ndinasoka masamba, ndipo ndinapita kwa telala wina wa pakhonde kukapempha zidutswa za nsalu. Anandidzazira jumbo. Pamwamba penipeni panali chidutswa cha nsalu ya chipani, chokhala ndi khutu limodzi ndi theka la chibwano cha mtsogoleri wina.

"Imeneyo musaipeputse, bwana," anatero telalayo. "Yapirira misonkhano yambiri padzuwa. Mwini wake anasintha chipani, koma iyo sinasinthe mtundu."

Kunyumba kwathu ku Mtiya ndinakhuthulira zidutswazo patebulo. Tadala anazitembenuza chimodzichimodzi, mwaulemu, ngati munthu amene akusankha tomato woti sagula.

"Si izi ayi."

"Ukufuna iti?"

"Ya nkhanga."

Ndinaidziwa. Ndi chitenje chobiriwira chokhala ndi nkhanga zoyenda mondondozana. Esinati ankaberekera Tadala chitenje chimenecho ali khanda, ndipo mwana atakula ankachifunda m'mapewa nyengo yozizira, chifunga chikaphimba phiri. Tsopano chinali m'sutikesi pamwamba pa kabati, pamodzi ndi zovala zake zonse. Sutikesiyo anaimanga ndi chingwe akuchikazi tsiku lobalalika pamaliro.

"Sitingatsegule sutikesi ija, Tadala, mpaka abwere akumudzi."

"Abwera liti?"

"Loweruka."

"Ndiye andipatsa?"

Ndinayamba kusonkhanitsa zidutswa zija.

Makope enawo analola kuti tiwakavale ndi nyuzi, ndipo nkhope yanga yomwe imakhala pamwamba pa tsamba lino inathera pamsana pa kope la Chichewa. Sindinadandaule. Olemba ambiri sitifika n'komwe m'kalasi. Koma la masamu anakana. Anapita nalo kusukulu lili katoni yokhayokha, dzina la sopo likuonekera. Amadamu sanachonge mpaka Lachisanu, ndipo iye sanalire.

Apa ndiime pang'ono, tikambirane za mwambowu.

Kwa akuchikazi kwanga, monganso m'mabanja ambiri kuno, zovala za malemu sizikhudzidwa mpaka abale abwere kudzagawa. Ndipo pali lamulo lake: wolandira chovala avale, chithere pathupi. Sasunga m'bokosi, sagulitsa.

Ena mwa anzanga amene tinali nawo kukoleji amaunyoza mwambowu. Amauphatikiza ndi khalidwe lonyansa lija lolanda katundu wa amasiye. Ine sindivomereza. Kulanda nyumba ndi kwina, kugawa madiresi ndi kwina. Mayi wa kumudzi amene alibe juzi amapeza juzi. Wamasiye amapumula, chifukwa sutikesi yomanga pamwamba pa kabati ndi yolemera kuposa mmene imaonekera, ngakhale usainyamule. Ndipo pali nzeru m'lamulo lakuti chovala chithere pathupi. Chisoni chotsekera m'bokosi sichitha, chimangochita nkhungu.

Koma tafunsani: pogawapo timayang'ana ndani?

Timayang'ana matupi. Diresi ili likwana uje, nsapato izi zikwana uje. Amene thupi lake likufanana ndi la malemu ndiye amalandira. Mwana wa sitandade 3 sakwana chilichonse. Timamuuza kuti akasewere panja, akulu akukambirana. Wina wachifundo amati adzalandira akadzakula. Akadzakula? Pofika nthawi imeneyo chitenjecho chidzakhala chitasanduka nkhata, kenako chokolopera.

Inu amene mayi anu anamwalira muli aang'ono, muli ndi chiyani chawo m'nyumba mwanu lero? Mukukumbuka amene anatenga mpango wawo wa kutchalitchi?

Sitichita izi chifukwa cha nkhanza. Timangoganiza kuti mwana amaiwala msanga. Timamuona akudumpha chingwe tsiku lotsatira maliro, n'kunena kuti ana ndi odala. Sitidziwa kuti iye waloweza nkhanga zonse za pachitenje.

Loweruka akumudzi aja anabwera. Anatsogolera ndi atsibweni ake a Esinati, bambo wachikulire wa mawu ochepa, amene makolo ake anachokera tsidya la Mozambiki. Panalinso alamu anga a Felesiya, mkulu wake wa Esinati, ndi amayi ena a pamudzi. Anayala mkeka pabalaza. Ine anandipatsa mpando pafupi ndi chitseko, pamalo pa mkamwini. Munthu amene sabata iliyonse ndimauza dziko lonse maganizo anga, pamenepo ndinalibe pakamwa. Ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Zovalazo si zanga.

Anamasula chingwe. Za fungo limene linatuluka m'sutikesimo sindilemba.

Anagawa mwadongosolo, popanda kukangana. Chitenje cha nkhanga chitatuluka, atsibweni anachiika pamiyendo pa a Felesiya. Palibe amene akanatsutsa. A Felesiya ndi amene anasiya munda wawo osakolola n'kudzagona pansi m'chipatala, pambali pa bedi la mng'ono wawo. Ndi amene ankamusambitsa. Ngati panali munthu woyenera nsalu imeneyo, anali iwo.

Ndinayang'ana pansi. Ndinali nditayamba kale kukonza mawu oti ndikamuuze mwana.

Koma mwanayo anali ataima kale pakhomo la kuchipinda, kope lake la katoni lili m'manja. Anagwada monga anamuphunzitsira mayi ake.

"Amayi aakulu, ndikupempha nsaluyo."

Atsibweni anamuyang'ana mosakwiya.

"Iwe mwana, nsalu ya malemu amapatsa woti aivale. Iweyo ungaivale imeneyi? Ikhala ikusesa msewu wonse wa ku Mtiya."

Amayi aja anaseka motsitsa.

"Sindivala ine, agogo. Livala kope."

"Kope limavala?"

"Eee. Amati kavala. Amadamu amati kope lopanda kavala lili maliseche."

Mayi mmodzi anatseka pakamwa ndi dzanja. Atsibweni anatembenukira kwa ine.

"Bambo a Tadala, mwamutuma ndinu?"

"Ayi, apongozi. Koma ndikanakhala ndi pakamwa pano, ndikanapempha zomwezo."

Sindinadziwe ngati ndalakwa. Mkamwini akalankhula pogawa zovala, mawu ake amakafika kumudzi iye asanakwere minibasi, ndipo amakafika atakula.

A Felesiya anafutukula chitenjecho, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analuma m'mphepete ndi mano, monga amachitira azimayi akasowa sizasi, n'kukoka ndi manja awiri. Phokoso la nsalu yong'ambika si lalikulu, koma m'nyumbamo linamveka ngati mtengo ukugwa.

"Felesiya," anatero atsibweni, "wang'amba nsalu ya m'bale wako."

"Atsibweni, Esinati simukumudziwa inu? Ndi nsalu zingati anang'amba chifukwa cha makope? Yanga yomwe ya chinkhoswe anaidula m'mphepete ine ndili kudimba. Ndinazindikira nditaiona pa kope la mwana wa aneba."

Apa aliyense anaseka, kuseka kwenikweni, koyamba m'nyumba muno chichitikireni maliro. Ena ankaseka akupukuta m'maso. Atsibweni anapukusa mutu.

"Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere. Koma tamvera, iwe Tadala. Lamulo ndi lomwe lija. Kopelo livale mpaka nsaluyo ithe. Ndisadzamve kuti mwakaibisa m'bokosi."

"Lizipita kusukulu tsiku lililonse, agogo."

Chidutswacho chinali chachitali ngati mkono. Mng'ambowo unadutsa pakati pa nkhanga imodzi. Tadala anaona msanga.

"Amayi aakulu, iyi yaduka."

"Mutu uli kwa iwe, mchira uli kwa ine," anatero a Felesiya akupinda mbali yawo. "Ukafuna kuiona yathunthu, uzibwera kumudzi patchuthi. Bambo akowo akupatse thiransipoti."

Ndinamva. Uthengawo sunali wa mwana yekha.

Alendo asananyamuke tinaphika phala la chinangwa. Tadala anapaka pakatoni ndi chala, ine ndinayala nsalu ndi kupinda m'makona monga ankachitira Esinati, kudula kangodya kaye kuti pasatupe. Mkati tinamata pepala loyera lobisa mapindirowo. Potsindira panavuta, chifukwa nyengo ino thumba la chimanga m'nyumba mulibe. Atsibweni anayang'ana uku ndi uku, n'kutenga kopelo, kuliika pampando, n'kulikhalira. Anamwa tiyi yense atakhala pa masamu a sitandade 3.

"Sukulu sindinapite patali," anatero, "koma lero ndaikhalira."

Sindikunena kuti tisiye mwambo. Loweruka lija mwambo sunathyoke, unangopindika pang'ono ngati katoni ya sopo, n'kubwerera. Atsibweni anachoka lamulo lawo lili chilili. A Felesiya anachoka ndi nsalu yokwanira kumanga kumutu ndi kufunda. Chimene chinasintha ndi chakuti mwana anawerengedwa.

Ndipo sizinafune zambiri. Chidutswa cha nsalu, katoni yotayidwa, ufa wodzaza supuni. Zinthu zimene tonse tili nazo. Si mwana aliyense adzapempha chitenje. Wina adzafuna batani la jekete la bambo ake, wina chipewa chong'ambika chimene palibe wamkulu angachifune. Ambiri sadzapempha n'komwe, chifukwa tinawaphunzitsa bwino kuti mwana salankhula pa akulu. Wanga analankhula chifukwa amadamu anamuopseza kuti sachonga. Nanga amene alibe chifukwa chotero?

Tsiku limene mudzamasule chingwe cha sutikesi kwanuko, ndipo tsikulo limafika pakhomo lililonse, mudzayang'ane kaye kukhomo la kuchipinda. Ndani waima pamenepo amene sakwana chovala chilichonse?

Lero m'mawa phiri linali litafunda mitambo, mvula ikuoneka kuti itsika nthawi yoweruka. Tadala analowetsa kope lake m'pepala la shuga, analiika m'chikwama, n'kuponya chikwamacho kumsana. Ndinaima pakhonde kumuyang'ana akutsika njira ya kusukulu mpaka anakhota.

Nsalu imene inkamubereka ija, lero akuibereka ndi iye.