Paison ndi Tsekwe Wofungatira

Paison Ngozo wa ku Kandeu sanali mlimi woti nkumutchula. Chimanga chake chinkachita manyazi pafupi ndi cha anzake. Koma pa mbalame za m'dambo panalibe womuposa. Ankadziwa pogona akakowa, pomanga nantchengwa, ngakhale bango limene tsekwe amaikiramo mazira. Misampha anaiphunzira kwa bambo ake, amene anamusiyira lamulo limodzi: mbalame yofungatira sagwira, ukatero wadyeratu ndi za chaka chamawa.

Dzinja lina, m'zaka za m'ma 1930, kunabwera mzungu wa ku boma atanyamula bokosi la miyendo itatu lojambulira zithunzi. Ankafuna kujambula mbalame, ndipo anthu anamulozera kwa Paison. Iye anamutengera pachisa cha tsekwe amene ankafungatira mazira asanu ndi atatu, nam'mangira kachisakasa ka udzu chapafupi.

Masiku anayi mzunguyo anakhala m'kachisakasamo, matope m'maondo, udzudzu ukumudya. Ankati akufuna chithunzi chokha, koma Paison anaona kuti umenewo ndi ulemu chabe wa mlendo woopa kupempha. Munthu wamkulu angakhalire m'matope kapepala? Kwa Angoni mlendo sachoka osalawa nyama, ndipo akayang'anitsitsa chinthu chako ndiye kuti wachifuna. Lamulo la bambo ake analikumbukira ndithu, tisamunamizire kuti anaiwala. Kungoti ankafuna mzungu akasimbe ku boma kuti ku Kandeu kuli mwamuna.

Tsiku lachisanu analawirira natchera khwekhwe pachisa. Mzungu pofika, Paison ananjuta napereka tsekwe ndi manja awiri, khosi lili lende.

Mzunguyo sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anapita pachisa nagwira mazira limodzilimodzi. Anali atazizira. Kenako anati m'Chinyanja chake chothyokathyoka, "Ine ndimadikira ana." Anapinda miyendo ya bokosi lake nkumapita.

Paison anafika kunyumba tsekwe ali m'khwapa, manyazi atamugwira. Mkazi wake Lufina anaitembenuza mbalameyo nayang'ana pachifuwa pamene inadzisosola nthenga zoyalira chisa.

"Bambo a Salome, imeneyitu imafungatira."

"Ndikudziwa."

"Apongozi akanakhala moyo, mukanawaonetsa?"

Lufina anaphika, ana anadya, koma Paison anapempha nkhwani. M'mudzi nkhani inawanda, ndipo pamowa anzake ankamufunsa kuti mazira aja anawasiyira ndani. Misampha yake anaipachika kudenga la khola mpaka chiswe chinaimaliza.

Chimanga chitauma, mesenjala anabwera ndi envulopu. Munali chithunzi. Tsekwe uja anali pachisa, wamoyo, khosi lili njo, nthenga iliyonse ikuoneka. Koma pakona, m'kati mwa bango, panali nkhope ya Paison mwiniwake, ikuyang'ana mbalameyo monga mmene munthu amayang'anira ndiwo.

Anachisunga m'buku la nyimbo zaka makumi awiri. Alendo ofuna kuona mbalame ankawaperekezabe kudambo, koma pachisa ankawaimitsa patali. Adzukulu akamuumiriza kuti awaonetse tsekwe wa agogo, ankatulutsa chithunzicho, nachigwira yekha, chala chachikulu chitaphimba pakona paja. Pomwalira iye, Lufina anapeza kuti pamalopo pepala linali litafufutika, nkhope osaonekanso.