Tsiku Limene a Longwe Anaimira Kamera

Ine kwathu ndi ku Thyolo, ku Nkhata Bay ndinapitira ntchito yotaipa makalata pa boma. Kwathuko munthu akamapita konyamula matumba amavala zonyamulira matumba, basi. Ndiye tsiku loyamba kukumana ndi a Yakobe Longwe pamsewu, malaya oyera mbee, buluku losita mzere wake wakuthwa, nsapato zikuwala, ndinawapatsa moni mogwada poganiza kuti ndi akalaliki a kukhoti. Mnzanga wa mu ofesi anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Iwe Enelesi, amenewo amanyamula katundu kudoko," anatero.

Sindinakhulupirire mpaka nditadzionera ndekha. Tsiku lobwera sitima ya Ilala, a Longwe ankatsetsereka kudoko atatchena choncho. Akafika ankalowa kuseri kwa shedi, n'kuvula, n'kupinda zovala zawo bwinobwino m'nyuzipepala, n'kuvala kabudula wazigamba ndi chiguduli chobowola pakhosi. Tsiku lonse ankasenza simenti, feteleza, malata ndi matumba a usipa. Sitima ikachoka ankasamba ndi sopo, n'kuvalanso malaya oyera aja, n'kukwera mtunda ngati munthu wochokera kumsonkhano. Anthu amaseka Atonga kuti akhoza kugona ndi njala bola malaya akhale osita. Asekeni, koma ine sindiseka nawo.

Paunyamata wawo a Longwe anagwira ntchito mu hotela ku Joni, kuperekera azungu zakudya. Anabwerako ndi bokosi lachitsulo, suti imodzi yakuda, ndi kayendedwe kamene sanakasiyenso. Akazi awo anamwalira mwana wawo Prisca akadali wamng'ono, moti anamulera okha m'kanyumba ka kumunsi kwa malayini a boma kumene ine ndinkakhala. Sanali bambo wovuta, koma anali ndi lamulo limodzi: sitima ikakhala padoko, Prisca asapondeko. Sikuti ntchito yawo inali yachinsinsi ayi. Tawuni yonse inkadziwa, ngakhale Prisca yemwe ankadziwa. Koma ankati kudziwa n'kwina, kuona ndi maso n'kwinanso, ndipo mwana wawo sadzawaona ali m'chiguduli.

Mtsikanayo anali ndi mutu. Anamaliza sekondale, n'kutengedwa ku koleji ina ku Blantyre kukaphunzira zopanga mapulogalamu a wailesi ndi mafilimu ophunzitsa anthu. Mu 1991 anatulukira ndi chikwama chachikulu chimene ankachinyamula ngati khanda. Munali kamera ya vidiyo ya kusukulu. Aphunzitsi anauza aliyense kuti akajambule chiyambi cha filimu, timphindi toyamba timene timachititsa woonera kukhala pansi osadzukanso. Mayeso awo anali amenewo. Kamerayo anangomubwereka masiku ochepa chifukwa anzake ankaidikira, ndiye Ilala ikanamupeza nayo kamodzi kokha.

Kwawo kunalibe magetsi, choncho mabatire ankatchajira kwanga, ndipo tebulo langa lodyera linasanduka ofesi yake. Koma abale, filimu ili ndi ntchito! Ine ndinkayesa amangoloza n'kudina. Prisca anajambula timabokosi papepala, kalikonse n'kachithunzi kake: koyamba madzi akumenya mitengo ya doko, kenako mapazi opanda nsapato akutsika pathabwa la sitima, kenako msana ndi thumba pamwamba pake, pomaliza nkhope ya munthuyo akutula katundu. Masiku opanda sitima ankapita kudoko kukaona mbali imene dzuwa limagwera, akupanga kawindo ndi zala n'kumasuzumiramo mpaka amayi ogulitsa nsomba kumuyesa wozungulira mutu. Anakapempha chilolezo kwa kapitawo wa onyamula katundu. Zaka zimenezo kamera sunkangoitulutsa pagulu, ndiye kalata ya chilolezo ndinaitaipa ndine, abwana anga a Maganizo n'kusaina, atalembamo kuti koleji idzatitumizire tepi yake kuti tione zimene zajambulidwa.

Ndinamufunsa kuti mapazi ndi msana umenewu ukhala wa yani.

"Wa ada," anatero, kutanthauza bambo ake. "Anti, msana umenewu ndi umene wandiphunzitsa sukulu. Anzanga amanena za abambo awo a m'maofesi. Ine ndikufuna aone wanga."

"Wawauza?"

"Ndiwauza."

Anawauzadi, pakhonde panga pomwe, m'Chitonga chimene nthawi imeneyo ndinali nditayamba kuchimva. Anagwada, n'kunena kuti, "Ada, filimu yanga iyamba ndi inu." Nkhope ya bambo uja inawala ngati yodzola mafuta. Zotsalazo, za mapazi ndi thumba, Prisca anazinena mozungulira, mawu ali pansipansi, poti mwana wamkazi sangauze bambo ake kuti vulani malaya. Anawaonetsa pepala la timabokosi lija. Iwo anayang'ana tianthu ta mizeremizere, n'kugwedeza mutu, n'kungoti, "Yewo, mwana wangu."

Bambo atachoka ndinamukalipira Prisca. "Iwe, chimene wanenacho n'chiyani? Wakumva ndani? Lankhula zomveka!" Iye anati amva, aona pepala. Ndinangoti chabwino, bambo ndi ako.

Pamene mwana ankakonzekera filimu yake, bambo nawonso ankakonzekera yawo. Suti ya ku Joni inatuluka m'bokosi n'kuyanikidwa pamthunzi kuti ichoke fungo la mankhwala a njenjete. Anabwereka simbi yanga yamagetsi poopa kuti yamakala ingathothole phulusa pa jekete. Anakameta kumsika. Anauza a kutchalitchi, a pabawo, ngakhale makondakitala a ku depoti. Pobweza simbi ija anaima pakhomo panga n'kunena m'Chichewa chawo chokoka chija:

"Ama, ku Blantyre akaone kuti Prisca ali ndi bambo. Asamayese kuti ndi mwana wotola."

Chimene ankafuna chinali chimenecho basi, kuoneka m'filimu ya mwana wawo ngati bambo woti munthu sangachite naye manyazi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwamasulire, koma anali atatembenuka kale akuimba kamluzu.

Ilala inafika m'mawa kukutentha koopsa. Ndinapempha kuchoka ku ofesi kuti ndikamugwirire Prisca chikwama. Tinaimika kamera pamiyendo yake pamalo amene anasankha, kapitawo akuthamangitsa ana. Kenako tinamva onyamula katundu akuimba m'manja ndi kuliza malikhweru. A Longwe ankatsetsereka, suti yakuda, tayi yofiira, chipewa pamutu, kampango koyera kakusuzumira m'thumba la pachifuwa. Anadutsa shedi ija osaicheukira n'komwe.

Prisca anawathamangira n'kugwada pamiyala pomwepo.

"Ada, mukasinthe. Katundu wayamba kutsika."

"Ndisinthe chiyani?"

"Muvale za ntchito. Ndikufuna ndikujambuleni mukunyamula, monga ndinakuonetserani papepala."

A Longwe anafunsa, osakweza mawu, "Ukufuna anzako akaone bambo ako ali m'chiguduli ngati wamisala?"

"Ndikufuna akaone mmene mumagwirira ntchito. Ine sindichita nazo manyazi, ada."

"Ine ndimachita nazo. Ndinakupatsa sukulu. Thukuta langa sindinakupatse kuti uzikaonetsa anthu."

Anamusiya ali chigwadire, n'kukaima pafupi ndi pamene thabwa la sitima limathera. Anatsogoza phazi limodzi, dzanja lina n'kugwira kolala ya jekete, chibwano m'mwamba, monga ankaimira kwa wojambula zithunzi ku Joni. Ataima choncho sanagwedezekenso.

Kapitawo anali akukuwa kuti sitima sidikira munthu. Matumba ankatsika, dzuwa linkasuntha, ndipo kamera inayenera kukwera basi mawa lake. Prisca anabwerera misozi ili mbwembwembwe, n'kupukuta diso ndi chitenje kuti aone bwino m'kagalasi. Panali bambo wina dzina lake Cyrus, mnzawo wa a Longwe pantchito, wamsinkhu umodzimodzi. Prisca analozetsa kamera kwa iyeyo. Anajambula madzi, mapazi a Cyrus, msana wa Cyrus, nkhope ya Cyrus, zonse monga zinalili m'timabokosi. Zina anabwereza chifukwa anthu ankadutsa kutsogolo.

Nthawi yonseyo a Longwe anali chiimire, pafupi kwambiri moti Cyrus akamadutsa thumba linkatsala pang'ono kuwakhudza phewa. Iwo ankadziwa kamera ya ku situdiyo, imene imatenga aliyense woima patsogolo pake. Sankadziwa kuti iyi imatha kusankha phazi la munthu mmodzi n'kusiya dziko lonse kunja. Thukuta linatsika m'khosi, kolala inanyowa, ntchentche inatera pamphuno, koma munthu osaphethira. Ntchito ya tsikulo inawadutsa ali chiimire.

Ndinamunong'oneza Prisca kuti, "Tembenuza pang'ono, uwatengeko ngakhale kamodzi, iwe!" Anati amalize kaye za mayeso, awajambula pomaliza. Atamaliza anatembenuzadi kamera, koma kanyali kofiira kaja kanaphethira n'kuzima. Batire lomaliza linali litatha.

Poona kuti mwana akuchotsa diso pakamera, a Longwe anapuma mwamphamvu, n'kuwongola mwendo umene unachita dzanzi, n'kubwera akumwetulira. Mkwiyo uja unali utawathera.

"Ndatuluka bwino?"

Prisca anayang'ana pansi. "Mwatuluka bwino, ada."

Mayo ine! Ndinafuna kumutsina mwanayo, ndinafunanso kumukumbatira. Madzulo ake tinatchaja batire, koma bambo anali atapita kwa anzawo kukafotokoza mmene zinayendera, ndipo basi ya ku Mzuzu inanyamuka m'mamawa.

Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse potuluka m'tchalitchi ankandifunsa kuti, "Ama, filimu ija yafika?" Ine ndinkati sinafike, mumtima ndikupemphera kuti isafike. Prisca analemba kuti wakhoza kuposa onse m'kalasi mwake. Za kubweretsa tepi sanatchuleko, ndipo ine ndinadziwa chifukwa chake. Koma tonse tinaiwala kalata ya chilolezo ija. Koleji inatumiza tepi ku ofesi kwathu monga kalatayo inanenera, Prisca osadziwa.

A Maganizo anasangalala kuti mwana wa m'boma lawo wapambana. Asanaionere n'komwe, analengeza kuti Loweruka masana filimuyo ionetsedwa mu holo, pa wailesi yakanema ya ofesi. Ndinawapempha kuti aione kaye okha, iwo anati ndisawaphunzitse ntchito. Ndinathamangira kwa a Longwe.

"Bambo a Prisca, musavutike n'kupita. Mafilimu a ana asukulu sakhala olongosoka, mungotaya nthawi."

Anaseka. "Ama, nsanje imeneyo. Mukadavala bwino tsiku lija, bwenzi mutatulukamo nanunso."

Holo inadzaza. Onyamula katundu anabwera onse atasamba, amayi a kumsika, a kwaya, ana ali m'mawindo. A Longwe anawakhazika kutsogolo pambali pa a Maganizo, chipewa chili pabondo. Anatseka makatani, filimu n'kuyamba. Madzi anaoneka akumenya mitengo ya doko, anthu n'kuti zii. Kenako mapazi, kenako msana. Inali yokongola, ndisaname, inkagwira mtima. Nkhope itaoneka holo yonse inaphulika: "Cyrus! Cyrus uyo!" Cyrus anabisa nkhope m'manja akuseka. Posakhalitsa panatuluka dzina la Prisca Longwe, kanema n'kuda.

Anthu anaomba m'manja. A Longwe anaweramira kwa a Maganizo n'kunena mwaulemu kuti, "Bwana, kapena mwayambira pakati. Tabwezani kumayambiriro."

Anabweza. Madzi, mapazi, msana, Cyrus. Ulendo uno palibe anakuwa, chifukwa aliyense mu holomo anali atauzidwa ndi a Longwe eni ake kuti filimuyo ikuyamba ndi iwo. Itatha a Longwe anaimirira, n'kumanga batani la jekete, n'kupita pamene panakhala Cyrus. Anamugwira chanza.

"Wanyamula bwino, mnzanga."

Anatuluka pang'onopang'ono pakati pa mabenchi, anthu akuwapatukira. Ine ndinalira poyera, osasamala kuti abwana akundiona. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa, ndipo sindidziwa woti ndimukwiyire, poti onse awiri ankafunirana zabwino.

Za filimu a Longwe sanandifunsenso. Ntchito anapitiriza, moni ankapereka monga kale, koma pabawo anasiya kupitapo.

Prisca atamva anabwera pa tchuthi cha Khirisimasi atabwerekanso kamera, sindidziwa anawachonderera bwanji aphunzitsi ake. Anatchaja mabatire onse kwanga, n'kundipempha kuti ndimuperekeze poti yekha ankaopa. Tinawapeza bambo ake pakhonde akupukuta nsapato. Anagwada patali pang'ono, chikwama chili pambali.

"Ada, ndinakunamizani. Ndikhululukireni. Valani suti yanu, muime pamene mukufuna, ndikujambulani mpaka tepi ithe."

Sanakalipe. Anamufunsa ngati wayenda bwino, ngati wadya, n'kumuuza kuti anyadira kumva kuti anakhoza. Prisca anabwerezanso pempho lake akulira. Iwo anayang'ana chikwama chija, kenako n'kubwerera kunsapato yawo.

"Bweza kwa eni ake, mwana wangu. Makina akowo anandiona kale tsiku lonse, ndili chiimire padzuwa. Sanandifune."

Tinakhala pamenepo mpaka anamaliza nsapato yachiwiri. Chikwamacho Prisca anabwerera nacho ku Blantyre osachitsegula.